Valiant ya a Pasquale Anaibweza Ikuwala

Munthu akabwera kudzabwereka chinthu chanu n'kulumbira kuti achibweza chili bwino kuposa mmene wachipezera, imani pakhomo, mukane. Owononga savuta, mumawaonera patali. Oopsa ndi okonza.

Mayi Nunzia ankazidziwa zimenezi, ndipo ananena kangapo konse. Koma mawu a nkhalamba pamaso pa mwana amene wamera imvi ali ngati kulira kwa firiji. Onse amakumva, wotembenuka palibe.

Amuna awo, a Pasquale, anali ndi zaka makumi asanu ndi atatu kudza zinayi, ndipo mutu wawo unali ukudontha kwa zaka zitatu. Anayamba n'kuiwala pamene aika chikwanje. Kenako mayina a adzukulu. Kenako ankati akadya n'kumafunsa kuti chakudya chibwera liti. Pofika chaka chimenecho anali ataiwala ndi mkazi yemwe, amene anakamutenga kwawo ku Calabria, kutsidya kwa nyanja, ali kamtsikana kuti adzawaphikire podula nzimbe kuno ku Ingham. Akapatsidwa khofi m'mawa ankavula chipewa.

"Zikomo kwambiri, mayi. Kodi eni nyumba ino abwera nthawi yanji?"

"Imwani asanazizire," Mayi Nunzia ankayankha choncho basi.

Koma tsiku lililonse linali ndi ola limodzi. M'shedi, kuseri kwa thirakitala yakufa, munali galimoto ya Valiant ya 1967, yobiriwira ngati mango aawisi, ngakhale padenga dzuwa linali litaidya mpaka kutuwa. A Pasquale anaigula yatsopano chaka chimene nzimbe zinachita bwino. Batire mwana wawo Bruno anachotsamo kalekale, n'kuwasiyira makiyi okha. Mdalayo akangomaliza khofi ankavala chipewa, ulendo wa kushedi, mkazi wawo pambuyo ndi chikwama chakuda cha kutchalitchi.

Mpando wakutsogolo unali umodzi wautali, ndipo mbali ya woyendetsa inali italowa pansi, dzenje lake lofanana ndendende ndi thupi lawo. Chiwongolero chinali ndi mng'alu umene anaumanga okha ndi chingwe cha matumba, ndipo chala chawo chachikulu chinkapita chokha pa mfundo yake. M'katimo munkanunkha fodya, dizilo, thukuta la zaka makumi asanu, ndi soseji zonse zimene zinakwerapo popita ku maukwati ndi ku maliro. Ankakoka mpweya umenewo kamodzi, kawiri. Kenako maso ankabwerera mwakale.

"Nunzia! Ukulowa, kapena ukudikira bandi ikuimbire?"

"Ndikulowa, musandikuwize."

"Chitsekocho chikweze ndi bondo. Zaka zonsezi sunaphunzire? Ndinakwatira mwala ine."

"Mwala womwewo ndi umene wakuphikirani mpaka mano kutha. Muyendetse pang'onopang'ono, pamlatho paja anaonapo ng'ona."

"Ng'ona ikudye iwe? Ikafuna kuthyoka mano."

Galimoto sinkasuntha. Nkhuku zinkangopalasa pansi pake. Koma awiriwa ankapita ndithu. A Pasquale ankasintha magiya, kutchula minda umodzi umodzi, apa ndi pa Scarfone waulesi uja, apa ndi pamene unasanza uli ndi pakati pa Bruno, kutukwana kasitima ka nzimbe kamene kawatsekera njira. Pomaliza ankakoka buleki yamanja n'kunena kuti, "Tafika. Usachedwe ndi miseche." Akatuluka ankamuiwalanso mkaziyo, koma mtima unkakhala pansi tsiku lonse. Ankadya, kugona masana, osayendayenda. Ola limeneli ndi limene linkawasunga pakhomo pawo, m'malo mwa kunyumba ya okalamba kumene chitseko chimatsekulidwa ndi anthu ena.

Nkhani ya filimu inabwera ndi Bruno, Lamlungu, Mayi Nunzia akukanda ufa wa pasta. Kunabwera anthu ochokera kummwera kudzajambula filimu yoseketsa, ya ana a pakoleji a masiku akale, ndipo ankafuna magalimoto a nthawi imeneyo. Mkazi amene ankawasakasaka anaona chithunzi cha Valiant pafoni ya Bruno kukalabu, n'kudumpha.

"Mamma, galimoto ya Papa ioneka dziko lonse. Adzukulu a adzukulu adzaiona."

"Adzaione m'shedi, ilimo."

"Masabata atatu okha."

"Masabata atatu ndi m'mawa angati, iwe?"

"Mamma, Papa amaiwala kuti adya. Sazindikira n'komwe."

"Wanena wekha. Amaiwala zonse. Chatsala n'chimodzi, ndiye ukufuna uchikweze palole."

Bruno anaseka n'kutsina mtanda wa ufa, amayi ake n'kumumenya padzanja.

"Inu mumaopa chilichonse. Mvula mumaopa, dzuwa mumaopa, fani mumati idula munthu khosi."

"Ndipo uli moyo chifukwa cha mantha angawo. Ukanabadwa kwa mayi wolimba mtima bwenzi uli m'mimba mwa ng'ona."

Bruno sanali mwana woipa. Musamuone choncho. Anali munthu wa zaka makumi asanu ndi mphambu, wotopa, amene kwa zaka zitatu anakhala akuona bambo ake akuchepa, ndipo ankafuna chinthu chimodzi chonyadira. Komanso mapepala onse a bambo ake anali m'manja mwake. Anasaina pangano la filimuyo Lolemba.

Mkazi uja, Bronwyn, anabwera Lachinayi ndi lole. Anali wamtali, wa nsapato zadothi, woseka bwino. Anazungulira galimotoyo akuisisita ngati ng'ombe ya mkaka.

"Nonna, agogo anga, musadandaule. Pantchito yathu lamulo ndi limodzi. Chobwereka timachibweza chili bwino kuposa mmene tachipezera. Zaka makumi awiri, palibe anandidandaulapo."

"Ayi, mwanawe. Isabwere bwino. Ibwere mmene ililimu."

"Ndinu okoma mtima," anatero Bronwyn, n'kuwagwira paphewa. Ankayesa kuti ndi ulemu wa anthu akale, wosafuna kuvutitsa alendo.

Anaikweza masana a Pasquale ali mtulo. Pansi panatsala bwalo lakuda la oyilo ndi dzira limodzi la nkhuku.

M'mawa mwake mdalayo anamwa khofi, kuvala chipewa, kupita kushedi. Anaima pakhomo nthawi yaitali. Anazungulira thirakitala, kusuzumira kuseri kwa migolo, kuyang'ana ndi kudenga komwe.

"Andibera."

"Sanakubereni. Yapita kokapopa matayala, ibwera."

Anawatembenukira ndi maso achilendo. "Inu mayi, munali pano. Munawaona. Akupatsani chiyani?"

Tsiku limenelo sanadye. Lotsatira anayamba kuyenda. Mayi Nunzia anabisa nsapato zawo mu uvuni, iwo n'kutuluka opanda nsapato. Anamangirira belu la mbuzi pachitseko, kukoka mpando n'kukhala pakhomo ngati mlonda, kusenda mbatata pomwepo, kupemphera kolona pomwepo. Koma munthu amapita kuchimbudzi. Tsiku lachisanu, akutuluka m'menemo, anapeza nyumba ili zii.

Inali nyengo yodula nzimbe. Kuno nyengo yodula ndi imene imatenga anthu. Makina odulira saona munthu m'mizere, tisitima timatuluka m'nzimbe mosachenjeza, njoka zothawa makina zimadzaza m'ngalande. Mayi Nunzia anathamanga ndi miyendo yawo yotupa akuitana dzina limene mwini wake sankalidziwanso. Amene anawapeza mdalayo ndi woyendetsa kasitima, makilomita awiri kuchokera kunyumba, akuyenda pakati pa njanji, mapazi ali magazi. Kasitimako kanaima patatsala malo ogona munthu mmodzi. Woyendetsayo anawabweretsa yekha.

"Amati akutsatira mapazi a matayala," anatero. "Nonna, ine ndili ndi ana. Sindikufuna kudzalota nkhope ya bambo awa."

Bruno anafika ali wotuwa. Anasambitsa yekha mapazi a bambo ake m'beseni, akuchotsa timiyala. Atamaliza anaitanira amayi ake kukhitchini.

"Zikachitikanso, Mamma, basi. Ndalankhula nawo kale akunyumba ya okalamba."

"Pita ukaitenge galimotoyo."

"Aijambula kale mbali zina, siingachoke pakati."

"Ndiye wayatsa moto wekha, ukuti nyumba ndi yoipa chifukwa ikupsa?"

"Mamma, chonde."

"Dikira ibwere. Ikabwera akhala pansi. Undilonjeze kuti udikira."

Analonjeza. Ndipo pofuna kuwaziziritsa mtima, sabata yachiwiri anawatenga kuti akaione okha, mkazi wake Raelene n'kutsala ndi mdala atakiya zitseko zonse.

Ankajambulira pakoleji ina ya zaulimi, ulendo wa maola awiri. Pabwalo la udzu anandandalika magalimoto akale oposa makumi awiri. Panali ma Holden a mapiko, Falcon yofiira ngati nyama yaiwisi, kombi yojambulidwa maluwa, ndi kena kakang'ono ngati bokosi la nsapato. Eni ake, madala a mimba zawo, anaima kuseri kwa chingwe, aliyense kansanza m'manja, kuyang'ana galimoto yake ngati mayi amene mwana wake wanyamulidwa ndi woledzera.

"Yanu ndi iti, mayi?" anafunsa mmodzi wa ndevu zoyera.

"Yobiriwirayo."

"Aa, ya mbuzi! Mwayi wanu. Yanga imangoima kuseri, imaoneka tayala lokha."

Mayi Nunzia sanamvetse za mbuziyo mpaka munthu wa chimkuzamawu atakuwa kuti onse akhale chete. Pamenepo Valiant inatulukira pakona ikuyenda yokha ndi injini yake, hutala ikulira. M'katimo munali anyamata ndi atsikana khumi ndi mmodzi, atavala mashiti a pabedi, miyendo ili pawindo, mowa ukuchita thovu mpaka kudenga. Pampando wakutsogolo, pakati, panakhala mbuzi itavala chipewa cha ophunzira. Pagalasi pamene pankalendewera kolona panali kabudula wamkati wa mtsikana. Pambuyo pankathamanga bambo wonenepa wadazi, amene ankati ndi mkulu wa koleji, atagwira buluku lake likugwa. Anagwera m'dziwe la abakha. Anthu onse anafa nacho chiseko.

"Tibwerezenso!"

Anabwereza. Anapukuta bambo wadazi uja, kumuveka buluku lina, kudzaza mabotolo, kubwereza. Kakhumi ndi kanayi. Bruno anaseka mpaka kupukuta misozi ndi kolala.

"Mamma, taonani mbuziyo! Papa akanaona akanaseka mpaka kugwa."

Mayi Nunzia ankayang'ana pamene mnyamata woyendetsa anakhala. Anali wowonda, ndipo ankadumphadumpha m'dzenje la amuna awo ngati nyemba m'mbale.

Pa nthawi yopuma anadutsa pansi pa chingwe n'kukasuzumira. Mbuzi inali itadya theka la mpando, siponji ili panja. Inali itakodzeramo, osati kamodzi. Pansi panali madzi a mowa ofika m'kakolo. Chingwe cha pachiwongolero chinali chikadalipo, chonyowa. Anachigwira ndi chala.

Bronwyn anabwera akuthamanga, nkhope ili yofiira ndi manyazi.

"Nonna, simunayenere kuiona chonchi. Pepani zedi. Tikonza zonse, ndikulumbira."

"Musakonze. Ingoyanikani padzuwa."

"Sindingakubwezereni chimbudzi cha mbuzi, mayi anga. Ndingagone bwanji?"

"Mvereni ine. Amuna anga..."

"Chete pabwalo!" anakuwa wa chimkuzamawu uja, ndipo munthu wina anawagwira pamkono mwaulemu n'kuwabwezera kuseri kwa chingwe. M'njira yonse yobwerera Mayi Nunzia anamuuza Bruno kuti amuimbire mkaziyo, amuletse. Bruno anati aimba. Anaimbadi, n'kunena kuti amayi ake akuti musavutike. Mawu akadutsa pakamwa pa munthu wina amafika ataphwa.

Masabata atatu anakhala asanu, chifukwa anthu aja sankafuna kuibweza isanathe kukonzedwa. Mayi Nunzia anaonda mpaka mphete kuvuka yokha m'madzi otsukira mbale. A Pasquale anasiya kufunsa za eni nyumba. Ankangoima pawindo lokiya, kuyang'ana kushedi, kugwedeza chitsulo chake. Tsiku lina anawakankha mkazi wawo n'kuwagwetsera pa sitovu. Bala lake Mayi Nunzia analibisa ndi juzi, dzuwa likuswa mtengo, kuti Bruno asaone.

Lole inabwera Loweruka m'mawa. Galimoto inali itafundidwa nsalu, ndipo Bronwyn anaitana onse kuti aime kutsogolo asanaivundukule. Ngakhale a Scarfone aang'ono anabwera kudzaonerera.

Inkawala moti munthu ankatsinzina. Anali ataipaka penti yatsopano, mtundu wake weniweni wa m'buku la fakitale. Mipando anaikuta chikopa chatsopano, yolimba, yosalala ngati thebulo. Chiwongolero anachita kuitanitsa china chopanda mng'alu kwa munthu wa ku Adelaide. Chitseko chinkatsekeka ndi chala chimodzi. Kolona anaitsuka n'kuiika mu kapulasitiki. M'kati munkanunkha ndimu ndi guluu.

"Anyamata anga agwira ntchito ngati akukonza ya bambo awo," anatero Bronwyn mokondwa. "Ili ngati tsiku limene anaigula."

Bruno anapita kwa Bronwyn. Anangomukumbatira. Anansi anaomba m'manja. Chikomekome cha mkuyu.

Mayi Nunzia analowa m'nyumba, kuwaveka amuna awo chipewa, kutenga chikwama chakuda, n'kuwatsogolera panja.

"A Pasquale, onani. Yabwera."

Mdalayo anaima patali. Anavula chipewa.

"Ya ndani?"

"Yanu, Papa," anatero Bruno. "Valiant yanu. Lowani."

"Ayi, ayi. Uzani mwini wake aichotse pano, ingakalike, atinamizire ife." Anabisa manja kumbuyo. "Anthu ngati ife sitigwira zoterezi."

"Tangokhalani pang'ono," anatero Mayi Nunzia. Anawakoka, Bruno akukankha kumbuyo, mpaka anawakhazika. Mpando sunawalandire. Anakhala pamwamba, mutu ukugunda kudenga, mawondo olimba. Chala chinayenda pachiwongolero, kuzungulira konse, kubwereranso, osapeza poima. Anakoka mpweya kamodzi. Kawiri. Mayi Nunzia anathamangira mbali inayo, kulowa, n'kukweza chitseko ndi bondo mwadala kuti aone. Chitseko chinangoti tsee, chokha.

Anadikira.

"Mayi," anatero a Pasquale monong'ona, "tiyeni titsike asanatipeze. Ine ndilibe mapepala abwino."

Bronwyn anali atasiya kumwetulira. Ankayang'ana uku ndi uku, osamvetsa chimene chalakwika. Mayi Nunzia anatsika n'kumugwira malaya.

"Mpando wakale uli kuti?"

"Wakale? Nonna, unali utawola. Tinataya."

"Chiwongolero? Chingwe chija?"

"Zonse zinapita kumtaya masabata awiri apitawo. Kodi ndalakwa? Tandiuzani, ndalakwa chiyani?"

Mayi Nunzia anamusiya malaya. Kodi munthu amene wakutsukira nyumba ungamutengere kupolisi?

Musaganize kuti Mayi Nunzia anangokhala. Lolemba anamukakamiza Raelene kuwatengera kumtaya wa tauni ya koleji ija. Mlonda wa pageti anawalozera phiri la dothi limene thirakitala inali itakwirira kale, akhwangwala ali pamwamba. Anabwerako ndi fungo lokha m'zovala.

Ndiye anayamba kuiwononga okha. Nthawi imene mdala ankagona masana, iwo ankapita kushedi. Anapaka dizilo pansi pa mpando. Anagula fodya wopichira, kumuyatsa m'chitini, kutseka mawindo, iwo ali momwemo akutsokomola mpaka misozi, munthu wosasutapo chibadwire. Anapachika soseji pagalasi. Anatenga malaya osachapa a amuna awo n'kupukutira paliponse. Chiwongolero chatsopano anachicheka ndi mpeni wa buledi, kumanga chingwe cha matumba, kumasula, kumanganso, poyesa kukumbukira kuti mfundo inkakhala mmwamba kapena mmunsi. Anaguza thumba la feteleza kuchokera pakona ya shedi, pang'onopang'ono, kupumira katatu, n'kuligoneka pampando wa woyendetsa kuti likumbe dzenje. Patatha masiku anayi analichotsa. Siponji inadzuka pamaso pawo, n'kukhala yosalala ngati poyamba.

Bruno anawapeza ali ndi nyundo, akumenya mahinjesi a chitseko.

"Mamma! Mwapenga? Mukudziwa ntchito imene anthu aja agwira?"

"Ndikudziwa. Ndikuifafaniza."

Anawalanda nyundoyo. Kenako anaona chingwe, chitini cha phulusa, soseji ikudontha mafuta pa chikopa chatsopano. Anakhala pansi pa mgolo n'kuphimba nkhope.

"Munandiuza," anatero.

"Kukuuza kwandipindulira chiyani? Bweza nyundoyo."

Asanaibweze, anamenya yekha kawiri. Chitseko chinayamba kugwa pang'ono. M'mawa mwake anawabweretsanso a Pasquale. Ananunkhiza, kukwinya mphuno, n'kunena kuti mwini galimotoyi ndi munthu wauve, waiwononga yatsopanotsopano. Sanalole kulowa. Zaka makumi asanu sizipakidwa ndi dzanja.

Lachitatu lotsatira, Mayi Nunzia anagona pampando pakhomo paja, masana, mbatata ili m'dzanja. Thupi limatenga lokha tulo take, silipempha. Belu sanalimve, ndipo atadzuka, mdala kunalibe. Anthu anasaka maola atatu, makina odulira a minda inayi ataimitsidwa. Anawapeza kumtsinje, m'matope ofika m'mawondo, pamalo pamene ng'ona imaothera dzuwa, akufunsa mitengo ngati yaona galimoto yobiriwira.

Ulendo uno Mayi Nunzia sanamufunse Bruno za lonjezo. Anangotsitsa sutikesi pamwamba pa kabati. Anaikamo mapijama atatu, majuzi awiri ngakhale kunkatentha, lumo, mankhwala a mapazi. Zovala zonse anazisokerera kaulusi kofiira pakolala, chifukwa kumalo otere zovala zimasokonekera, munthu n'kumavala kabudula wa womwalira.

Anawatenga Lachisanu m'mawa. Galimoto ya Bruno inali yodzaza zitsulo za pampu, ya Raelene inali kugaraji. Inatsala Valiant, imene tsopano inali ndi batire ndipo inkalira ukangoikhudza. Bruno anaiimika pakhomo. Anauza bambo ake kuti yabwera galimoto ya hayala.

"Oo, ya hayala," anatero a Pasquale, ndipo analowa osavuta, kumbuyo, chipewa pamawondo. Mayi Nunzia anakhala pambali pawo, sutikesi pakati.

Inayenda bwino, yosagwedera. Anadutsa pa Scarfone, mdala sanatembenuke. Anadutsa pamlatho. Anaima kudikira kasitima ka nzimbe, mabogi makumi angapo, iwo akungoyang'ana mwaulemu ngati munthu wa m'dziko la eni. Mayi Nunzia anayesa komaliza, ndi mawu aang'ono.

"Apa ndi pamene ndinasanza, ndili ndi pakati."

"Pepani kwambiri, mayi," anatero a Pasquale. "Mukufuna titsegule windo?"

Bruno anayatsa wailesi, n'kuizimitsanso.

Kunyumba ya okalamba kunali kapinga wometa bwino ndi nesi wa nkhope yabwino amene anawadikirira panja ndi njinga ya odwala. A Pasquale anaikana njingayo, anatsika okha. Anapita pawindo la woyendetsa n'kumugwira chanza mwana wawo.

"Mwayendetsa bwino, achimwene. Musamale nayo, abwana anu angakuchotseni ntchito."

"Ndisamala, Papa."

Nesi anatenga sutikesi. Mayi Nunzia anayamba kumuuza zonse mothamanga, kuti khofi amamwa wopanda mkaka, kuti nsomba muzichotsa minga, kuti musawaike pafupi ndi fani, kuti akakwiya musawagwire kudzanja lamanzere, kuti usiku amavula zofunda. Nesiyo ankangoti inde Nonna, inde Nonna, tizilemba zonse. Kenako anawagwira mdala pamkono.

A Pasquale anayenda masitepe awiri, n'kukumbukira ulemu. Anabwerera, kuvula chipewa pamaso pa mayi wamfupi wa chikwama chakuda amene anakwera naye.

"Ine ndatsikira pano, mayi. Inu mukupitirira?"

"Ndikupitirira."

"Muyende bwino. Mukawapatse moni amuna anu."

Chitseko chagalasi chinatseguka chokha, n'kutsekeka chokha. Mayi Nunzia anaima pakapinga mpaka nsana wa jekete unakhota pakona. Pamsewu panali pataima kale anthu atatu, akujambula Valiant ndi mafoni, ndipo mmodzi ankamufunsa Bruno ngati ndi ija ya m'filimu, komanso ngati angalole kuti mwana wake akhalemo pang'ono.